NYENGO YA MADZI OUNDANA YASUNTHA KU MALEKEZERO A DZIKO: PHUNZIRO KWA ANTHU A KU CHIRADZULU

Pa 21 Febuluwale, 2023, kunachitika zinthu ziwiri kutali ndi dziko lino, ndipo zonse ziwirizo zinaonedwa ndi makina oyenda m'mlengalenga amene atchedwa masetilaiti. Choyamba, namondwe Freddy anafika pa gombe la kum'mawa la chilumba cha Madagascar, ataoloka nyanja yaikulu ya India kuchokera kufupi ndi Australia. Chachiwiri, madzi oundana amene amayandama pa nyanja yozinga dziko lozizira la Antarctica anachepa koposa chaka china chilichonse chiyambire kuwayeza kufikira tsiku limenelo. Anthu a m'boma la Chiradzulu anali m'minda mwao, nthawi ya mondokwa itayandikira, ndipo ngowerengeka okha amene anamva nkhani ziwirizi. Patapita masabata atatu namondwe uja anafika pakhomo pao.

Kunena kuti chinthu chimodzicho ndicho chinabala chinzake kungakhale kunamiza awerengi, pakuti zinangokumana tsiku. Koma nkhani ya madzi oundanawa ili ndi phunziro limene mlimi wa ku Namitambo kapena wa ku Mbulumbuzi angalimvetse msanga kuposa munthu wa m'tauni, chifukwa ndi nkhani ya masiku: tsiku limene nyengo iyamba, ndi tsiku limene itha.

NYANJA IMENE IMAUMA NGATI MWALA

Dziko lapansi lili ndi nsonga ziwiri zozizira kwambiri. Ya kumpoto itchedwa Arctic, ndipo ndi nyanja yozingidwa ndi maiko monga Russia, Canada, Greenland ndi Alaska. Ya kum'mwera ndi Antarctica, dziko louma lalikulu lozingidwa ndi nyanja, limene gombe lake lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 6,000 kum'mwera kwa Malawi. M'nyengo yachisanu dzuwa silituluka kumeneko kwa masabata ambiri, penanso miyezi, kotero kuti madzi a pamwamba pa nyanja amaundana nasanduka ayezi wolimba, woti munthu nkuyendapo. Dzuwa likabwerera, ayezi wambiri amasungunuka, nyanja nkutsegukanso.

Tsono ayezi ameneyu ali ndi nyengo zake monga momwe munda uli ndi dzinja ndi chilimwe. Kumpoto amafika pachimake m'mwezi wa Malichi, nachepetsetsa mu Sepitembala. Kum'mwera zimatembenuka, pakuti kumeneko chisanu chimadza pamodzi ndi chisanu cha kuno: ayezi amachuluka mu Sepitembala, nachepetsetsa mu Febuluwale. Nyama, mbalame, nsomba ndi anthu okhala m'madera amenewo anazolowera masiku amenewa kuyambira kalekale, monga momwe makolo a kuno anazolowerera kuti chizimalupsa chikagwa, mvula yodzalira ili pafupi.

MASO A M'MLENGALENGA

Kale nkhani za ayezi zinkachokera kwa amalinyero ndi osaka anamgumi, amene ankalemba zimene aona pa malo pamene chombo chao chafika. Malo ena onse ankakhala osadziwika. Zinthu zinayamba kusintha pamene dziko la Soviet Union linaponya setilaiti yoyamba, Sputnik, pa 4 Okutobala, 1957, ndi pamene Amereka anaponya TIROS-1, yojambula mitambo, pa 1 Epulo, 1960. Komabe kamera wamba siona kanthu mumdima kapena kuseri kwa mitambo, ndipo ku nsonga za dziko mdima ndi mitambo ndizo zichuluka.

Vutoli linatha pamene bungwe la NASA linaponya setilaiti ya Nimbus-7 pa 24 Okutobala, 1978. Iyo inanyamula chipangizo chosadalira kuwala kwa dzuwa, chimene chimamva mafunde osaoneka ndi maso ochokera pa nkhope ya dziko. Ayezi amatulutsa mafunde amenewa mwamphamvu kuposa madzi, choncho chipangizocho chimasiyanitsa ziwirizi usiku ndi usana, kaya kuli mitambo kaya kulibe. Masetilaiti ena anapitiriza ntchitoyi, ndipo kaundula wake, amene amasungidwa ndi bungwe la National Snow and Ice Data Center mu mzinda wa Boulder ku Amereka, wapitirira zaka 45.

Kawerengedwe kake ndi kosavuta kukamvetsa. Akatswiri amagawa nyanja m'timabwalo, kalikonse makilomita 25 m'litali ndi 25 m'lifupi, ndiko kuti kocheperako pang'ono poyerekeza ndi boma la Chiradzulu. Pa kabwalo kalikonse amawerenga masiku a m'chaka amene ayezi anaphimba magawo 15 mwa 100 a madzi kapena kuposerapo. Masiku amenewo ndiwo utali wa nyengo ya ayezi pa malo amenewo. Akatero amayerekeza chaka ndi chaka, malo ndi malo.

ZIMENE ANAPEZA KUMPOTO

Kumpoto yankho lake ndi lomveka. M'chaka cha 1980, ayezi wotsala m'mwezi wa Sepitembala anaphimba malo oposa masikweya kilomita 7 miliyoni. Mu Sepitembala, 2012, anatsala pafupifupi 3.4 miliyoni okha, ndipo kufikira chaka cha 2025 panalibe chaka china chimene chinatsika kuposa pamenepo. Malo amene anatsegukawo ndi aakulu kuposa dziko la Malawi, pamodzi ndi nyanja yake, maulendo 30. Ngakhale ayezi wa m'chisanu wachepanso: mu Malichi, 2025, anafika pachimake pa 14.3 miliyoni, chimake chochepa kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake m'kaundula.

Koma kuchepako sikunagwe mofanana ponseponse. Mayi Claire Parkinson, katswiri wa ku NASA, anafalitsa mu 2014 mapu a utali wa nyengo ya ayezi kuyambira 1979 kufikira 2013. Mapuwo anasonyeza kuti pa gawo lalikulu la nyanja za kumpoto nyengoyo inali kufupika, ndipo kumpoto chakum'mawa kwa nyanja ya Barents, kumtunda kwa Norway ndi Russia, inali kutaya masiku oposa 60 pa zaka khumi zilizonse. Pa nthawi yomweyo mbali zina za nyanja ya Bering, pakati pa Alaska ndi Russia, nyengoyo inali itatalika pang'ono. Munthu wokhala kumeneko akadanena kuti palibe chovuta. Koma m'chisanu cha 2018 ayezi wa pa nyanja ya Bering yomweyo anachepa modabwitsa, kuposa zaka zonse zolembedwa.

Gulu lina lotsogozedwa ndi Mayi Sharon Stammerjohn linafufuza masiku enieni a kuyamba ndi kutha kwa nyengoyi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Linapeza kuti m'madera a kumpoto amene asintha mofulumira, ayezi anali kusungunuka pafupifupi miyezi iwiri nthawi yake yakale isanakwane, ndi kuchedwa kuundananso ndi mwezi umodzi ndi masiku. Ndiko kunena kuti m'zaka 30 zokha nyanja inaonjezera miyezi itatu yokhala yotseguka.

KUM'MWERA CHIWERENGERO CHINABISA ZOONA

Nkhani ya kum'mwera ndiyo yofunika kuilingalira mofatsa. Kwa zaka zoposa 30 ayezi yense wa ku Antarctica, akamuphatikiza pamodzi, sanali kuchepa ai. Anali kuchuluka pang'onopang'ono, ndipo mu Sepitembala, 2014, anapitirira masikweya kilomita 20 miliyoni. Anthu ena anatenga chiwerengero chimenechi ngati umboni wakuti dziko silili kutentha konse.

Koma amene anayang'ana dera ndi dera anaona zina. Gulu la Mayi Stammerjohn lija linapeza kuti pa nyanja ya Bellingshausen ndi m'mbali mwa ndomo ya Antarctica imene iloza ku South America, ayezi anali kusungunuka mofulumira ndi mwezi umodzi ndi kuchedwa kubwerera ndi miyezi iwiri, kotero kuti nyengo yake inafupika ndi miyezi yoposa itatu. Pamene kumadzulo kwa nyanja ya Ross, kumunsi kwa New Zealand, nyengoyo inatalika ndi miyezi yoposa iwiri. Mbali ina inataya, mbali ina inapindula, ndipo pophatikiza zinaoneka ngati zili bwino. Zinali monga mudzi umene nkhokwe ya mfumu yadzaza pamene nkhokwe za kumalire zili pululu, mlembi nkulemba kuti mudziwo wakolola mokwanira.

Kuyambira mu 2016 ngakhale chiwerengero chophatikizacho chinayamba kutsika. Pa 21 Febuluwale, 2023, chinafika pa masikweya kilomita 1.79 miliyoni, ndipo m'chisanu cha chaka chomwecho ayezi analephera kufika pa 17 miliyoni, chinthu chimene chinali chisanaonekepo m'kaundula wa masetilaiti.

CHIFUKWA CHAKE NCHIANI

Gwero lalikulu ndi mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, mafuta a galimoto ndi a m'mafakitale, ndi kuotcha nkhalango. Mpweya umenewu umasunga kutentha m'mlengalenga monga chofunda chisunga kutentha kwa thupi. Pamene anayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, unali magawo pafupifupi 315 mwa miliyoni. Mu 2024 unali utapitirira 420.

Ku nsonga za dziko kutenthako kumadzionjezera kokha. Aliyense adziwa kuti malaya oyera amazizira padzuwa kuposa akuda. Ayezi woyera amabweza kuwala kwambiri kwa dzuwa, pamene madzi a nyanja, pokhala oderapo, amameza pafupifupi konse. Tsono ayezi akasungunuka msanga, madzi amakhala padzuwa masiku ambiri, natentha. Madzi otenthawo amachedwa kuundana chisanu chikafika. Ayezi wochedwayo amakhala wopyapyala, nasungunukanso msanga chaka chotsatira. Ndi chifukwa chake dera la Arctic latentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse chiyambire 1979.

Kusiyana kwa madera a kum'mwera kumachokera kwambiri ku mphepo. Pa nyanja ya Amundsen pamakhala kamvuluvulu wamkulu wa mpweya amene amakokera mphepo yofunda ya kumpoto ku nyanja ya Bellingshausen, ndi kukankhira mphepo yozizira yochokera kumtunda ku nyanja ya Ross. Choncho dera lina lidatenthedwa pamene linzake lidazizidwa ndi mphepo imodzi yomweyo.

AMENE AYAMBA KULAWA

Kusuntha kwa masiku kwapweteka kale zamoyo. Mbalame zazikulu zosauluka zotchedwa emperor penguin zimaswera ana ao pa ayezi womatirira ku gombe, ndipo anapiyewo amafuna kuti ayeziyo akhalepo kufikira mwezi wa Disembala, atamera nthenga zosalowa madzi. M'chaka cha 2022 ayezi wa pa nyanja ya Bellingshausen anasweka nthawi isanakwane, ndipo akatswiri a British Antarctic Survey, poyang'ana zithunzi za setilaiti, anapeza kuti pa malo anayi mwa asanu oswerana, anapiye sanapulumuke.

Anthu nawonso akhudzidwa. Mudzi wa Shishmaref ku Alaska uli pa kachilumba ka mchenga kamene kale kankatchinjirizidwa ndi ayezi pa nthawi ya mikuntho. Popeza ayeziyo amachedwa kufika, mafunde akhala ali kugumula gombe ndi kugwetsa nyumba, ndipo mu 2016 anthu a m'mudzimo anaponya voti yakuti asamuke pa malo a makolo ao.

NANGA CHIRADZULU ZIMKHUDZA BWANJI

Wina angafunse kuti munthu wolima chimanga ndi nandolo m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu, amene sanaonepo nyanja ya mchere, zimenezi zimkhudza bwanji. Poyankha, mpofunika kusiyanitsa zotsimikizika ndi zongoganizira. Ayezi woyandama akasungunuka sakweza madzi a m'nyanja kwenikweni, ndiponso Malawi alibe gombe la nyanja ya mchere. Koma mpweya ulibe malire a boma. Chiperoni chimene chimaphimba mapiri a Shire Highlands m'miyezi ya Juni ndi Julayi chimadza ndi mphepo yozizira, ya chinyezi, yochokera ku nyanja za kum'mwera, kudzera ku Mozambique. Ndipo kutentha kumene kwafupikitsa nyengo ya ayezi ndi komweko kumene kwafika kuno: akatswiri anapeza kuti dziko la Malawi linatentha ndi madigiri pafupifupi 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006.

Mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, ndipo ukachitula, mvula yake imakhala yamphamvu. Namondwe Ana atawononga Chigawo cha Kum'mwera mu Januwale, 2022, nagumula damu la magetsi la Kapichira, gulu la akatswiri la World Weather Attribution linafufuza, nanena kuti kutentha kwa dziko kunaonjezera mphamvu ya mvula ya anamondwe a chaka chimenecho.

Za Freddy anthu a m'bomali safuna wowauza. Namondweyu anakhala masiku 36, ndipo bungwe la World Meteorological Organization linalengeza mu 2024 kuti panalibe wina wolembedwa amene anakhalitsa chotere. Analowa ku Mozambique kachiwiri pa 11 Malichi, 2023, kufupi ndi Quelimane, ndipo mvula yake inagwa usana ndi usiku m'maboma a kum'mwera. Pa 13 Malichi, Dr. Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, analengeza kuti maboma a kum'mwera, kuphatikizapo Chiradzulu, agweredwa ngozi. M'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe, matope ndi miyala zinatsika m'phiri ndi kukokolola mudzi wa Ntauchira, anthu nkufa, otsala nkusamuka. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Akuluakulu anakumbukira napolo wa ku Zomba wa mu Disembala, 1946, ndi wa ku Phalombe wa mu Malichi, 1991.

Chaka chotsatira vuto linatembenuka. Ng'amba yodza ndi El Niño inaumitsa chimanga m'minda, ndipo mu Malichi, 2024, Boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Chaka china madzi oposa muyezo, chaka chinacho dzuwa.

Apa ndi pamene phunziro la ku Antarctica ligwira ntchito. Akatswiri aja amene anayeza kutentha kwa Malawi sanapeze kuti mvula ya chaka chonse, akaiphatikiza, yachepa kapena yachuluka mooneka bwino. Komabe alimi ambiri m'dziko muno amanena kuti mvula yodzalira imachedwa, kuti imadukiza pakati, ndi kuti imagwa yambiri pa masiku ochepa. Mau awiriwa satsutsana. Mvula yogwa pang'onopang'ono miyezi isanu ndi mvula yomweyo yogwa pa masabata owerengeka zimalembedwa chimodzimodzi m'buku, koma ina imadzaza nkhokwe, inayo imakokolola munda. Monga ayezi, chofunika ndi tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndi malo ake enieni.

Kunena zoona, boma la Chiradzulu lilibe malo olakwitsirapo. Ndi limodzi la maboma ang'onoang'ono, koma kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 350,000. Minda ndi yaing'ono, ndipo ambiri akwera nayo m'mapiri. Banja limene ladzala mbeu yake yokhayo ndi mvula yonyenga, mbeuyo nkupserera m'nthaka, nthawi zambiri lilibe ndalama yogulira ina.

CHOYENERA KUCHITA

Choyamba ndi kumvera. Masetilaiti a mtundu wina, monga a Meteosat, amayang'anira Africa ndi nyanja ya India usana ndi usiku, ndipo ndi maso otere amene anatsata Freddy pa ulendo wake wonse. Nthambi ya Boma yoona za nyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre, inachenjeza anthu namondweyo asanafike. Nthambi yomweyo imalengeza chaka ndi chaka, mvula isanayambe, za momwe dzinja likuyembekezeka kukhalira. Chenjezo limathandiza pokhapokha lafika m'mudzi, ndipo anthu adziwiratu kothawira. Pamenepa mafumu, aphunzitsi, alangizi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ali ndi udindo waukulu.

Chachiwiri ndi kulemba. Akatswiri anadziwa kuti nyengo ya ayezi yafupika chifukwa anawerenga masiku chaka ndi chaka osatopa, pa kabwalo kalikonse payekha. Setilaiti iona mtambo, koma madzi amene agwadi pa Thumbwe, pa Namadzi kapena pa Nguludi amadziwika bwino ndi choyezera mvula choimikidwa pa malopo. Sukulu iliyonse ikadakhala ndi choyezera chake ndi kope lolembamo tsiku la mvula yoyamba, masiku a ng'amba ndi tsiku la mvula yomaliza, pakutha pa zaka khumi mudzi ukadadziwa nyengo yake ndi umboni, osati ndi chikumbukiro chokha.

Chachitatu ndi kusadalira tsiku limodzi ndi mbeu imodzi. Alangizi a zaulimi amalimbikitsa mbeu zocha msanga, kudzala nandolo, mbatata, chinangwa ndi mapira pambali pa chimanga, kuphimbira nthaka, kukonza mizere yopingasa pa malo otsetsereka ndi kudzala udzu wa vetiva m'milambala. Achikulire akumbukira kuti m'masiku a atsamunda malamulo a malimidwe anadedwa chifukwa anadza ndi chindapusa ndi ndende. Masiku amenewo anapita. Nthaka imene ili kukokoloka tsopano ndi ya eni ake.

Chachinayi ndi phiri. Mitengo siingaletse napolo aliyense, pakuti mvula yonga ya Freddy imagumula ngakhale malo a nkhalango, koma phiri lometedwa limatsitsa madzi mofulumira koposa. Ndipo pomanga nyumba mpofunika kukumbukira mau a makolo akuti madzi saiwala khwawa.

Anthu a ku Chiradzulu sindiwo anadzaza mlengalenga ndi utsi, pakuti gawo la Malawi pa mpweya umenewu ndi laling'ono zedi, ndipo nkoyenera kuti nthumwi za dziko lino zipitirize kukumbutsa maiko olemera za ngongole yao pa misonkhano ya United Nations. Koma pamene nkhanizo zikambidwa, mwezi wa Novembala udzafika, ndipo mlimi aliyense adzayenera kusankha tsiku lodzala. Wosankha ndi kalendala ya agogo ake yokha adzakhala ali kudalira masiku amene, monga masiku a ayezi ku nyanja ya Barents ndi ya Bellingshausen, mwina anasuntha kale.